Ana a chaka choyamba asamangoloweza Aristotle, ayambe alimbana ndi Plato

Akonzi,

Ndiloleni kamalo mu nyuzipepala yathuyi ndilankhulepo za ana athu amene angolowa kumene ku yunivesite, aja anzawo amawatchula kuti mayaro, makamaka amene agwera maphunziro a filosofi kapena a za kalankhulidwe ndipo semesita yoyamba yomweyo akumana ndi Agiriki akalekale, Plato ndi Aristotle, pa nkhani ya retoriki, luso lija lokopa anthu ndi pakamwa. Ine ndimaphunzitsa ku sekondale, ana ambiri amene anadutsa m'manja mwanga amandilemberabe pa WhatsApp akafika kumeneko, nde madandaulo awo ndimawamva osasefa. Wina amati aphunzitsi zinthu izi zilibe mutu, munthu umawerenga tsamba lonse osatolapo kanthu. Wina amati kunyumba akundifunsa kuti za Agiriki oti anafa kalekale udzadya chani. Wina amangoti ine bola ndikhoze basi.

Kuvutika kwawoko sikundidetsa nkhawa ayi, mabuku amenewa ndi ovutadi, ndipo mwana amene akuti akumuvuta ndiye kuti wawatsegulako. Chomwe chikundiwawa ndi njira yachidule imene ambiri akuthawirako. Amapeza manotsi a tsamba limodzi kwa mnzawo wa chaka chachiwiri kapena pa intaneti, kuloweza mawu atatu a Aristotle a njira zokopera anthu, ethos (khalidwe la wolankhula), pathos (kukhudza mitima ya omvera), logos (mfundo zenizenizo), kuwalemba pa mayeso, kukhoza, nkhani yatha. Ukamufunsa mwanayo kuti kodi Plato ankalidera chani luso limeneli mpaka kulilembera buku lathunthu, amangoti kakasi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo manotsi amenewa ndi kandimverere weniweni, chifukwa chimene achotsamo ndi mkangano, chonsecho phunziro lonse lagona pa mkanganowo.

Taonani pomwe zinayambira. Mu mzinda wa Athens, zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, nkhani za boma zinkagamulidwa ndi nzika zitasonkhana pa kaphiri kotchedwa Pnyx, anthu masauzande, wofuna kulankhula ankaimirira nkulankhula, kenako kuvota pokweza manja. Kukhoti mlandu wako unkadziyankhulira wekha pamaso pa oweruza mazanamazana osankhidwa mwa maere, ndipo nthawi ankakuyezera ndi madzi odontha kuchoka mu mtsuko, madzi akatha nawenso wathera pomwepo. Amene anali ndi kangachepe ankapita kwa anthu ngati Lysias kuti awalembere zokanena, iwo nkukaloweza. Nde tangoganizani, munda wako, ufulu wako, pena moyo wako weniweniwo, zonse zikudalira mmene utsegulire pakamwa. Pamalo otere munthu wobwera nkunena kuti ndikuphunzitsani kulankhula ankakolola ndalama zoopsa. Ndisaiwale, nzika zomwe ndikunenazi anali amuna okhaokha, amayi, akapolo ndi obwera analibe mawu pabwalo limenelo, ndipo ana athu aakazi amene akuwerenga zimenezi lero ali ndi ufulu wonse wokhumudwa nazo kwinaku akuphunzira.

Mmodzi wa aphunzitsi amenewo anali Gorgias wa ku Leontini pa chilumba cha Sicily. Anafika ku Athens mu 427 BC ngati kazembe kudzapempha thandizo polimbana ndi mzinda wa Syracuse, ndipo kalankhulidwe kake kanazunguza anthu mitu. Iyeyu ankanena kuti mawu amagwira mtima wa munthu mmene mankhwala amagwirira thupi, ena amachiza ena amapha. Plato ndiye analemba buku lotchedwa dzina lomweli, Gorgias, momwe mphunzitsi wake Socrates akumupanikiza mkuluyu ndi mafunso, ndipo buku limeneli ndi lomwe ndikufuna mwana aliyense wa chaka choyamba aliwerenge lonse, osati manotsi ake, chifukwa si lalitali moopsa ndipo limayenda ngati sewero, anthu akukangana, kupsetsana mitima, wina mpaka kunyanyala.

Gorgias amadzitama kuti nthawi zambiri ankatsagana ndi m'bale wake yemwe anali dokotala kukaona odwala, ndipo wodwala akakana kumwa mankhwala kapena kuchitidwa opaleshoni, dokotala atalephera, iye ndi amene ankamunyengerera mpaka kuvomera, popanda luso lina koma la pakamwa basi. Amapitiriza kuti mzinda utafuna kusankha dokotala wa boma, pakaima dokotala weniweni ndi katswiri wolankhula, anthu angasankhe wolankhulayo. Apa mpamene Socrates amamugwira. Amati ndiye kuti munthu wosadziwa amakopa bwino kuposa wodziwa, bola omverawo akhale osadziwanso? Funso limeneli, akonzi, ndi lolemera kuposa mawu atatu aja, ndipo mwana amene lamulowa sadzamveranso msonkhano wa kampeni, ulaliki kapena otsatsa malonda pa wailesi mmene ankamvera kale. Gorgias amayesa kudziteteza kuti mphunzitsi wa nkhonya sitimuimba mlandu wophunzira wake akakamenya bambo ake omubala, wolakwa ndi womenyayo, ndipo ine ndimaona kuti yankho limeneli si lopepuka ngati mmene Plato akufunira kuti tilione, koma nde mpofunika anawo akanganepo okha.

Kenako amalowerera mnyamata wotentha magazi dzina lake Polus, ndipo Socrates amamuuza mosapsatira kuti retoriki si luso nkomwe, ndi kuzolowera chabe kusangalatsa anthu, kuwanyengerera, ndipo amaiyerekeza ndi ntchito ya wophika zokoma poyerekeza ndi ya dokotala. Chakumapeto kwa bukulo amajambula chithunzi chimene ine sichindichoka m'mutu: dokotala akuzengedwa mlandu, oweruza ndi tiana, womuneneza ndi wophika zotsekemera, akuti ana inu munthu uyu amakuchekani, amakuotchani, amakumwetsani zowawa, amakumanani chakudya, pomwe ine ndimakudyetsani zokoma zamitundumitundu. Dokotalayo anene chani? Akanena zoona kuti ndinkachita zimenezo kuti mukhale athanzi, tianato tingokuwa. Plato ankalemba zimenezi akudziwa bwino lomwe kuti mu 399 BC Socrates, nkhalamba ya zaka pafupifupi 70, anaweruzidwa ndi anthu pafupifupi 500 kuti afe pomwa poizoni, choncho kwa iye sinali nkhani ya m'kalasi ayi, chinali chilonda.

Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, pano ali chaka choyamba, anabwera kudzandiona pa holide ali ndi bukuli mufoni, galasi la foniyo losweka pakona, tizilembo tating'onoting'ono, akukulitsa ndi zala mzere uliwonse. Anali atafika pomwe Socrates akunena kuti kulakwiridwa nkwabwino kuposa kulakwira mnzako, ndipo kuti wochita zoipa amene sanalangidwe ndi womvetsa chisoni kuposa amene walangidwa. Polus pamenepo amangoseka, ndipo Socrates amamufunsa ngati kuseka munthu ilinso njira yomutsutsira. Mtsikanayo anaima pamenepo, kuyika foni pa tebulo, amvekere aphunzitsi izi nde zomwe zimachitika pa gulupu ya kalasi yathu, munthu akasowa choyankha amangoponya tinkhope toseka, anzake nkumutsatira, yemwe anali ndi mfundo uja nkukhala chete. Palibe manotsi amene akanamupatsa zimenezo. Anazipeza yekha chifukwa anapirira ndi Chingerezi chovuta mpaka anafika pa tsamba limenelo.

Ndipo makolo amene amafunsa kuti filosofi udzadya chani adziwe kuti nawonso alimo m'bukumo. Munthu wachitatu, Callicles, amene ndi woopsa kuposa onse, amanena kuti filosofi ndi yabwino kwa achinyamata pang'ono chabe, koma munthu wamkulu amene akupitirizabe zimenezo ngofunika chikwapu, chifukwa sadziwa za dziko, atamukokera kukhoti angangoti yasaa kukamwa osadziwa chonena. Iye amakhulupirira kuti mwachilengedwe wamphamvu ayenera kukhala ndi zambiri, malamulo anapanga ndi ofooka pofuna kudziteteza. Socrates samugonjetsa bwinobwino munthu ameneyu, Callicles amangotopa nkusiya kuyankha mpaka Socrates kumadzifunsa ndi kudziyankha yekha, ndipo ine ndimamulemekeza Plato pa chimenechi, kuti mdani wa maganizo ake anamupatsa mawu amphamvu chonchi. Pomwepanso Socrates amadzudzula atsogoleri otchuka a Athens, Pericles, Themistocles, Cimon ndi Miltiades, kuti anadzaza mzinda ndi madoko, malinga ndi mokonzera zombo koma anthu osawasandutsa abwinoko. Mwana amene wakulira m'dziko lomwe wandale aliyense amawerenga misewu ndi milatho pa nsanja ali ndi zambiri zoti anene pa mfundo imeneyi, kaya aivomereza kaya aikana.

Koma ndisaoneke ngati ndikuti Plato analondola zonse. Chaka chomwe chija Gorgias anafika, 427 BC, ku Athens kunachitika nkhani imene wolemba mbiri Thucydides anaisunga. Mzinda wa Mytilene unali utagalukira Athens, ndipo msonkhano wa nzika, anthu ali ndi mkwiyo, unagamula kuti amuna onse akumeneko aphedwe, amayi ndi ana agulitsidwe ukapolo, chombo chonyamula lamulolo nkunyamuka. Kutacha mitima inayamba kuwatsutsa, anasonkhananso. Cleon analankhula kuti chigamulo chisasinthe, Diodotus anatsutsa, ndipo sanadalire kuwamvetsa chisoni ayi, anawaonetsa kuti kupha onse sikupindulira Athens chifukwa mizinda ina ikadzagalukira idzamenya nkhondo mpaka kufa podziwa kuti kugonja kulibe phindu. Anapambana ndi mavoti ochepa zedi, chombo chachiwiri chinathamanga usana ndi usiku, opalasa akudyera pa nkhafi pomwepo ndi kugona mosinthana, nkufika lamulo loyamba lija litangowerengedwa kumene koma lisanachitike. Atsogoleri a kugalukirako anaphedwabe, koma mzinda unapulumuka. Tsono apa tinene chani? Pakamwa mpomwe panatsala pang'ono kupulula mzinda wonse, pakamwanso mpomwe panaupulumutsa. Diodotus akanati ine za retoriki ayi ndi zonyengerera, anthu aja akanatha.

Apa mpamene Aristotle amamveka bwino, ndipo nchifukwa chake ndikuti ayambe Plato. Aristotle, wobadwa mu 384 BC ku Stagira, anakhala pa sukulu ya Plato zaka pafupifupi 20, madandaulo onse a mphunzitsi wake ankawadziwa, ndipo buku lake la Rhetoric, lomwe lili ndi zigawo zitatu, likuyankha madandaulo amenewo. Iye akuti retoriki ndi kutha kuona, pa nkhani iliyonse, njira zomwe zilipo zokopera anthu. Akuti choonadi ndi chilungamo mwachibadwa nzamphamvu kuposa bodza, ndiye zikagonja pabwalo olakwa ndi amene analephera kuziyankhulira. Akutinso nzosamveka kuti munthu azichita manyazi polephera kudziteteza ndi manja koma osachita manyazi polephera kudziteteza ndi mawu. Mwana amene wangodumphira pa Aristotle osamva kaye ululu wa Plato amaona ngati akuwerenga malangizo a momwe ungapambanire dibeti, pomwe munthuyu akulimbana ndi funso loti kodi munthu wachilungamo angakope anthu osasanduka wonyenga.

Olo mawu atatu alowezedwa aja, manotsi amawapeputsa. Pa ethos ana amalemba kuti ndi mbiri ya wolankhula, koma Aristotle ananenetsa kuti chikhulupiriro chimenecho chizichokera m'zimene munthuyo akulankhula pomwepo, osati pa zomwe tinamva kale za iye, omvera aone m'mawu ake kuti ngwanzeru, ngwakhalidwe, ndipo akuwafunira zabwino. Pa pathos mpovuta kwambiri, chifukwa koyambirira kwa bukulo amadzudzula aphunzitsi amene ankangophunzitsa kuutsa mkwiyo ndi chisoni mwa oweruza, akuti kuteroko kuli ngati kupinda rula usanayezere, koma mu gawo lachiwiri iye yemweyo akufotokoza mkwiyo, mantha, manyazi, chisoni, nsanje, chimodzichimodzi, kuti munthu amakhala bwanji akakwiya, amakwiyira ndani, pa zifukwa zanji. Kodi akudzitsutsa? Akatswiri amakanganabe pamenepa, nde mwana wa chaka choyamba akasokonezeka napo asaone ngati ndi wopepera, wafika pomwe pali nkhani.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri ndi chomwe iye ankachitcha enthymeme, mfundo imene wolankhula samaliza yonse chifukwa gawo lina omvera alidzaza okha. Chitsanzo chake ndi cha Dorieus, kuti ukafuna kuonetsa kuti anapambana mpikisano womwe mphotho yake ndi nkhata ya masamba, umangoti anapambana ku Olympia basi, zoti mphotho yakumeneko ndi nkhata aliyense akudziwa. Zikuoneka zazing'ono koma apa mpomwe pamabisala zambiri. Munthu akaima pa nsanja nkunena kuti uyu ndi wakwathu timuvotere, pali chiganizo chimene sanachitchule, choti wakwanu ndi amene adzakusamaleni ndipo wa chigawo china sangatero, ndipo ife omvera ndi amene timachiyikapo tokha mumtima nkuwomba m'manja. Mwana wophunzitsidwa kufunsa kuti kodi chasiyidwa apa nchiyani, ndipo nchoona kapena ayi, ameneyo fizi yake sinapite pachabe.

Plato mwiniwakenso anadzafewako. Mu buku lina, Phaedrus, amavomera kuti pangakhale retoriki yabwino ngati wolankhula akudziwa choonadi cha nkhaniyo komanso akudziwa mitima ya anthu amene akuwalankhula, ndipo amapereka chitsanzo cha munthu wokopa mnzake kuti agule bulu wopita naye kunkhondo pomuuza kuti ndi hatchi, onse awiri hatchi asakuidziwa. M'buku lomwelo amadandaula kuti zolembedwa sizitha kuyankha ukazifunsa, zimangobwereza zomwezo.

Tsono chimene chimandipweteka nchakuti ana athuwa nkhani imeneyi amaidziwa kale kuchokera kwawo, kungoti palibe amawauza. Aristotle anagawa zolankhula patatu, za pamsonkhano wokambirana zoti tichite mtsogolo, za pamlandu zofufuza zomwe zinachitika kale, ndi zoyamikira kapena kudzudzula munthu pamwambo. Mwana wa kumudzi zonsezi waziona ndi maso, msonkhano wa mudzi wokambirana za mjigo kapena kuumba njerwa za sukulu, mlandu wa malire a munda pabwalo la amfumu, mawu a pamaliro pomwe woyankhulira banja amasankha mawu mosamala kuti asautse mapiri pachigwa. Waona ankhoswe akuyanjanitsa banja lomwe linatsala pang'ono kutha. Ndipo ana amene ali chaka choyamba panowa anali kale ozindikira pomwe dziko lonse linkakhalira pa wailesi kumvera mlandu wa chisankho cha 2019, maloya akupanikiza mboni ndi mafunso, mpaka majaji asanu anagamula pa 3 February 2020 kuti chisankho cha pulezidenti chichitikenso. Anthu m'minibasi ndi m'misika ankakangana kuti loya uyu ali ndi umboni, uyu akungozungulira. Kumeneko kunali kusiyanitsa wodziwa ndi wongokopa, funso la Socrates lomwe lija.

Vuto lina lenileni ndi chilankhulo. Mabukuwa analembedwa m'Chigiriki, ndipo kupatula ochepa amene anadzera ku Kamuzu Academy komwe Chigiriki ndi Chilatini zimaphunzitsidwa, ana athu amawapeza m'Chingerezi, ndipo cha Plato chaulere chimene amachipeza pa intaneti nthawi zambiri ndi chomasulira cha Benjamin Jowett chomwe chinatuluka koyamba mu 1871, Chingerezi chakalekale cha ziganizo zitalizitali choti olo mwana wa ku London lero angapume kaye. Nde mwana wathu wochokera ku sekondale yoyendera ya kumudzi akusenza katundu pawiri, maganizo ovuta komanso chilankhulo chovuta, pa foni ya chaji yosakhalitsa ndi bandulo yoperewera. Akalephera timafulumira kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, zomwe si zoona kwa ambiri amene ine ndikuwadziwa.

Pempho langa kwa aphunzitsi a ku yunivesite, amene ndikudziwa kuti makalasi awo ndi odzaza ndipo nthawi ndi yochepa, ndi loti mafunso a mayeso asakhale oti woloweza mawu atatu nkukhoza. Afunseni kuti kodi Gorgias analondola pa nkhani ya mphunzitsi wa nkhonya ija, kodi Diodotus anachita bwino kusiya za chifundo nkulankhula za phindu, kodi iwo akanamuyankha bwanji Callicles. Agawireni mbali awerenge mokweza m'kalasi, wina Socrates wina Polus, chifukwa bukulo linalembedwa ngati kucheza ndipo limamveka msanga likatuluka pakamwa. Ndipo m'magulu okambirana aloleni ayambe akangana m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, mfundo ikakhazikika ndiye ailembe m'Chingerezi cha asayimenti, chifukwa ndaona ndi maso anga mwana wachete m'kalasi ya Chingerezi akusanduka wina akangololedwa kutsutsa m'chilankhulo cha kwawo. A laibulale nawonso ayesetse kupeza makope omasuliridwa m'Chingerezi chamakono, olo ochepa oti azibwerekana.

Kwa makolo anzanga, mwana akabwera pa holide musamufunse za ntchito yokha, mufunseni kuti Callicles ankati chani ndipo iye akuti bwanji, mudzadabwa kuti mukhala pakhonde mpaka mdima mukutsutsana.

Ndipo kwa inu akonzi, bwanji mutapatula kadanga pa tsamba lanu kamodzi pamwezi, ana a chaka choyambawa azitumiza ndime imodzi ya Plato kapena Aristotle atayifotokoza m'Chichewa chawo, ndi maganizo awo pansi pake, owerenga nkumawayankha sabata yotsatira? Ayambe ndi ndime ya dokotala ndi wophika uja. Ine ndili wokonzeka kulimbikitsa amene ndimalemberana nawo kuti atumize.

Mphunzitsi wa ku sekondale,
Dedza